Kodi mabogi a sitima amamasulidwa bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani mutu wa sitima umayamba wakankhira m'mbuyo?

Nambewe (Balaka)

Akuluakulu nonse a pabwalo lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirako ntchito ya panjanji kapena munaphunzira umakaniko wa sitima. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo ndikufuna kugwiritsa ntchito nkhani ya mabogi ngati chitsanzo pophunzitsa za mphamvu ndi kukhuzana kwa zitsulo, popeza ana ambiri a kuno sitima amaiona tsiku ndi tsiku.

Sitima za malasha zochokera ku Moatize, zimene zimadutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde popita ku Nacala, zimakoka mabogi ambirimbiri olemera, moti aliyense angathe kuona kuti chitsulo cholumikiza bogi ndi linzake chimasenza mtolo woopsa. Chodabwitsa n'chakuti pasiteshoni, akafuna kusiya mabogi ena, munthu mmodzi amangoima pambali n'kutukula kandodo kachitsulo ndi dzanja limodzi, ndipo sitima yonse ija imaduka pawiri. Ndikufuna kudziwa chimene kandodo kameneka kamasuntha mkatimo, kuti dzanja la munthu lithe kumasula chinthu chimene chinagwira matani ochuluka chotero. Ndaonanso kuti asanatukule kandodoko, mutu wa sitima umayamba wakankhira mabogi m'mbuyo pang'ono, ngakhale kuti cholinga chake n'kupita kutsogolo, ndipo ndikukhulupirira kuti zimenezi sizichitika mwangozi. Pomaliza, ngati kumasula n'kosavuta chonchi, chimaletsa n'chiyani kuti cholumikiziracho chisatseguke chokha panjira, sitima ikamagwedezeka pamalo pamene njanji siili bwino? Ndidzathokoza kwambiri mukandifotokozera mwatsatanetsatane.

Agogo a Chisale (Limbe)

Mayi Nambewe, mwafunsa bwino, ndipo mayankho a mafunso anu onse atatu agona pa chitsulo chimodzi chobisika chimene simungachione mutaima papulatifomu.

Njanji za kwathu kuno, za pakati ndi kumpoto kwa Mozambique, za ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa n'zamuyezo umodzi wa mamilimita 1,067, ndipo mabogi ake amagwirana ndi cholumikizira cha mtundu wa Janney, chimene Eli Janney wa ku America anachilembetsa kuboma m'chaka cha 1873. Kuti ana anu amvetse msanga, auzeni apinde zala za manja onse awiri, azikoletsane, kenako akoke: malinga ngati zala zili zopinda, manjawo sangalekane, koma dzanja limodzi lokha likangowongola zala, linzake limapulumuka. Cholumikiziracho chili ndi chigoba chachikulu chachitsulo chokhala ndi mphako mkati, ndipo kutsogolo kwa chigobacho kuli nsagwada, yotchedwa knuckle m'mabuku a ntchitoyi, imene imazungulira pa pini yoimirira. Nsagwadayo ili ndi mchira. Mabogi awiri akagundana, nsagwada imatsekeka, mchira wake umalowa m'mphako muja mpaka kumapeto, ndipo chitsulo cholemera chimene timati loko chimagwa chokha n'kukhala pakati pa mchirawo ndi khoma la mkati mwa chigoba. Palibe sipuling'i imene imachikankha. Chimagwa chifukwa cha kulemera kwake basi. Loko akakhala pamenepo, mchira ulibe kopita, choncho nsagwada singatseguke.

Tsono kandodo kamene mumakaona sikanyamula sitima ayi, kamangotukula lokoyo, amene mwana wa sukulu angathe kumunyamula ndi manja. Ndodoyo imayambira pangodya ya bogi n'kufika pakati pamene pali cholumikizira. Pamabogi ena imakoka loko kuchokera pamwamba ndi katcheni kapena kachitsulo kolendewera, pamene pa ena imazunguza kachitsulo ka pansi pa chigoba kamene kamakankhira loko m'mwamba. Mukadzapitanso kusiteshoni mudzaime moyang'anizana ndi kumapeto kwa bogi lokhala ndi ndodo ya mbali imodzi, ndipo mudzaona kuti kawirikawiri chogwirira chake chimatulukira kumanzere kwanu. Chifukwa chake n'chakuti mabogi awiri akayang'anizana, chogwirira cha limodzi chimakhala mbali ino ya njanji ndipo cha linzake chimakhala mbali inayo, motero wantchito amapeza chogwirira mbali iliyonse imene waima. Sipafunika kumasula nsagwada zonse ziwiri, imodzi ndi yokwanira.

Kutukula ndodo kuli ndi magawo ake, ndipo munthu wozolowera amawamva m'dzanja. Poyamba penipeni ndodo imayenda mopepuka, chifukwa ikungochotsa kachitsulo kotchinga kamene kamaletsa loko kukwera yekha. Apa ndiye pali yankho la funso lanu lachitatu. Amisiri anaona kalekale kuti kugwedezeka kwa panjira kungathe kumukweza loko pang'onopang'ono mpaka nsagwada kutseguka, choncho anakonza zoti loko akayesa kukwera yekha azigunda mphuno ya mkati mwa chigoba, ndipo mphunoyo amailambalala pokhapokha ngati watukulidwa kudzera ku ndodo. Mukapitiriza kutukula, dzanja limalemerako ndipo mumamva kaphokoso kakuti khwaa, kusonyeza kuti loko wakwera ndipo mwendo wake watsamira pa kampando kamene kamamugwira m'mwamba. Apa mutha kusiya ndodo n'kuchokapo, pakuti nsagwada yamasuka ngakhale ikuonekabe yotseka, ndipo idzatseguka yokha mutu wa sitima ukayamba kukoka. Gawo lachitatu limagwira ntchito pa bogi loima palokha: mukakoka ndodo mwamphamvu mpaka kumapeto, loko amamenya kachitsulo kena kamene kamakankha mchira, nsagwada n'kutseguka yokha kuyembekezera bogi lina. Zimenezi n'zofunika chifukwa nsagwada ziwiri zotseka zikagundana sizigwirana, zimangowombana pachabe.

Za kukankhira m'mbuyo, ndi pamene phunziro lanu la kukhuzana kwa zitsulo lagona. Sitima ikaima ili yokokeka, mchira wa nsagwada umakhala ukufinya loko kukhoma ndi mphamvu yaikulu kwambiri, moti ngakhale amuna awiri atalendewera pandodo, ipindika ndi ndodoyo koma loko sasuntha. Cholumikizira chilichonse chili ndi kampata pang'ono kosewerera, ndipo woyendetsa akakankha mabogi modekha, kampatako kamatsekeka, mchira umaleka kufinya, loko n'kutsala womasuka. N'chifukwa chake wolumikiza mabogi amayamba wapereka chizindikiro cha dzanja kapena kulankhula pawailesi kuti akankhe, kenako amatukula ndodo, ndipo pomaliza amauza woyendetsa kuti akoke. Mwa maganizo anga, luso lalikulu la chipangizochi lili pomwepa, pakuti katundu akachuluka m'pamene chimakaniratu kutseguka.

Musaiwalenso kuwauza anawo chifukwa chimene ndodo inaikidwira pambali. Ku America kale ankalumikiza mabogi ndi mphete yachitsulo ndi mapini awiri, ndipo munthu ankaima pakati pa mabogi oyenda n'kumalozetsa mpheteyo ndi dzanja m'kamwa mwa bogi lobweralo. Zala, manja ndi miyoyo zinatha zambiri. M'chaka cha 1892 ngozi zochitika polumikiza ndi pomasula zinali pafupifupi 11,000, ndipo mu 1893 boma linakhazikitsa lamulo lotchedwa Safety Appliance Act, limene linanena kuti mabogi azigwirana okha pogundana ndiponso azimasulidwa popanda munthu kulowa pakati. Lamuloli linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1900, ndipo pofika 1902 ngozi zija zinatsika kufika pa 2,000 ndi pang'ono, ngakhale kuti antchito a panjanji anali atachuluka.

Bambo Mbewe (Kanengo)

Agogo afotokoza za chitsulo mosasiyako kanthu, koma ndikuopa kuti ana angaganize kuti kutukula ndodo ndiye ntchito yonse, pamene ngozi yaikulu pomasula mabogi imachokera ku mabuleki. Pansi pa cholumikizira pamadutsa paipi ya labala, ndipo paipi imeneyi imalumikiza mabuleki a sitima yonse kuyambira kumutu mpaka bogi lomaliza. Kwathu kuno mitundu iwiri yonse ilipo: mabuleki akale a vakyumu, amene amamasuka mpweya ukapopedwa kuchoka m'paipi, ndi mabuleki a mpweya wopanikizidwa a mtundu wa Westinghouse, amene amamasuka paipi ikadzaza. Pamitundu yonse iwiri mfundo ndi imodzi, yakuti paipi ikangoduka, mabuleki amagwira okha mbali zonse ziwiri za sitima.

Pamabogi a mpweya wopanikizidwa pali kampopi kumapeto kulikonse kwa bogi. Wantchito amatseka kampopi ka mbali ya mutu wa sitima kuti mpweya wa mabogi opitirira ulendo usathawe, koma ka mbali ya mabogi otsala amakasiya kotsegula. Mapaipi akalekana, mpweya wa mabogi otsalawo umatuluka ndi phokoso lalikulu lija lakuti phwaa, ndipo mabuleki awo amagwira nthawi yomweyo. Wantchito waulesi amatseka timipopi tonse tiwiri n'cholinga choti asadzavutike kudzazanso mpweya pobwerera, ndipo malamulo a njanji zambiri amaletsa mchitidwe umenewu mwamphamvu, chifukwa mpweya wotsekeredwa m'paipi ungathe kumasula mabuleki a mabogi amene palibe akuwayang'anira. Pa vakyumu palibe timipopi totero. Paipi imalekanitsidwa ndi manja, ndipo mbali yopitirira ulendo imavundikiridwa pa chotsekera chake chimene chimakhala kumapeto kwa bogi, apo ayi woyendetsa sangathe kumasula mabuleki. Apa munthu amalowabe pakati pa mabogi, choncho sitima iyenera kukhala itaimiratu ndipo woyendetsa atadziwitsidwa.

Ngakhale zonsezi zitachitika bwino, mpweya umatha pang'onopang'ono m'masilinda, motero mabogi osiyidwa ayenera kumangidwa mabuleki a pamanja okwanira asanamasulidwe, osati pambuyo pake. Chitsanzo chimene chimaphunzitsidwa kwambiri ndi ngozi ya ku Armagh, ku Ireland, ya pa 12 June 1889. Sitima yonyamula ana a Sande sukulu ndi makolo awo popita kunyanja ku Warrenpoint inalephera kumaliza chitunda, ndipo akuluakulu anagamula zoidula pawiri kuti mutu ukwere ndi mabogi asanu kaye n'kudzatenga khumi otsalawo pambuyo. Mabuleki a sitimayo anali a vakyumu ya mtundu wakale umene sunkagwira wokha, moti paipi italekanitsidwa mabogi khumi aja anatsala akudalira buleki ya pamanja ya m'bogi la gadi (wantchito wokhala kumapeto kwa sitima) ndi miyala imene anaika kunsi kwa mawilo. Mutu poyamba kunyamuka unabwerera m'mbuyo pang'ono, unagunda mabogi otsalawo, miyala inaphwanyika, ndipo mabogi anatsetsereka mpaka kukawombana ndi sitima ina imene inkabwera m'mbuyo. Anthu 80 anafa, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. M'chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Britain inalamula kuti sitima zonse zonyamula anthu zikhale ndi mabuleki ogwira okha. Mayi Nambewe, onani kuti kubwerera m'mbuyo pang'ono kumene Agogo akutamanda pamalo athyathyathya ndi komwenso kunapha anthu pachitunda.

Nambewe (Balaka)

Zikomo kwambiri Agogo a Chisale ndi Bambo Mbewe, tsopano ndikuona kumene phunziro langa lingayambire. Mwandiutsira mafunso ena awiri. Ngati cholumikizira cha Janney chinachepetsa ngozi chotero, kodi mayiko onse anachilandira, kapena alipo amene amamasula mabogi mwanjira ina? Ndipo popeza loko amamasuka mabogi akakankhana, kodi sizingatheke kuti sitima iduke ili paulendo, makamaka potsetsereka pamene mabogi a m'mbuyo amatsamira a kutsogolo?

Nangozo (Birmingham)

Aphunzitsi, funso lanu loyamba ndiliyankhe ine, popeza kuno ku Britain kumene ndimakhala ndi kumene njanji zinayambira koma ndi kumenenso njira yakale inakakamira. Mabogi ambiri a katundu ku Ulaya mpaka lero amalumikizidwa ndi mbedza ndi tcheni chomangitsa pochipotokola, ndipo kumapeto kwa bogi lililonse kuli mabafa awiri olandira kugundana. Pomasula, woyendetsa amakankha kuti mabafa afinyane, wantchito amawerama n'kudutsa kunsi kwa bafa, amaima m'kampata ka pakati pa bafa ndi mbedza, amapotokola chomangiracho mpaka chitakhwepa, kenako amanyamula mphete yake yolemera kuichotsa pa mbedza n'kuipachika pa kambedza kosungira kuti isamalendewere. Kampata koimamo munthuko kukula kwake kunachita kugwirizanidwa pakati pa mayiko, ndipo kamadziwika ndi dzina la mzinda wa Bern wa ku Switzerland. Ntchito imene America inailetsa mu 1893 ikuchitikabe m'mayadi osanjiramo mabogi a ku Germany, France ndi Italy usiku ndi usana, mvula ndi chisanu.

A ku Britain anali ndi njira yawoyawo pa mabogi a katundu. Ankagwiritsa ntchito tcheni cha mphete zitatu chosamangitsa, ndipo wantchito ankayenda ndi ndodo yaitali yamtengo yokhala ndi kambedza kopotoka kunsonga. Ankatsamiritsa ndodoyo pa bafa, nsonga yake n'kulowa kunsi kwa tcheni, ndipo akakanikiza mbali yake tchenicho chinkadumpha kuchoka pa mbedza iye ali panja. Pofuna kuchepetsa kugwedezeka kwa tcheni chotayirira anapanga mtundu wotchedwa Instanter, umene mphete yake ya pakati ili ndi ngodya zitatu ndipo imatembenuzidwa kuti tcheni chifupike kapena chitalike.

Chinthu chimene ana anu angakondwe nacho ndi mabogi amene ankamasulidwa dala sitima ili paliwiro. Kuyambira mu 1858, makampani ena a kuno ankamangirira kumapeto kwa sitima yothamanga bogi lokhala ndi gadi wakewake ndi mbedza yochita kutseguka. Poyandikira siteshoni imene sitimayo sinkaima, gadiyo ankatseka njira ya mabuleki, n'kukoka chogwirira, mbedza n'kugwa, ndipo bogi linkatsala likuyenda lokha mpaka iye ataliimitsa papulatifomu ndi buleki yake. Kampani ya Great Western Railway ndi imene inatchuka nazo kwambiri, ndipo bogi lomaliza lotero linamasulidwa pa Bicester North mu September 1960. Vuto lake linali lodziwikiratu: njirayi inkatsitsa anthu koma sinkatha kuwakweza, ndipo bogi lililonse linkafuna gadi wapadera ndi mutu wina wodzalichotsa pasiteshoni.

Ndisiyaneko maganizo pang'ono ndi Agogo, mwaulemu. Janney ndi wamphamvu pa katundu wolemera, koma amalumikiza chitsulo chokha, ndipo paipi ya mabuleki imafunabe dzanja la munthu poilumikiza. Cholumikizira cha Scharfenberg, chimene Karl Scharfenberg analembetsa ku Germany mu 1903, chimalumikiza chitsulo, mpweya ndi mawaya a magetsi nthawi imodzi. Mkati mwake muli mbale yozungulira ndi mphete yokola m'mbale ya chinzake, ndipo pomasula woyendetsa amangodina batani ali pampando wake, mpweya n'kukankha silinda imene imazunguza mbaleyo mpaka mphete zonse ziwiri zitapulumuka. Ndi chimene chili pa sitima zothamanga kwambiri zotchedwa ICE ku Germany ndi TGV ku France, ndipo ndi chimene chimachititsa kuti sitima imodzi igawike pawiri pasiteshoni m'kanthawi kochepa, mbali iliyonse n'kulowera kwake. Mu 2021 a ku Ulaya anasankha mtundu wochokera ku Scharfenberg kuti ukhale cholumikizira chatsopano cha mabogi a katundu, chotchedwa Digital Automatic Coupling, koma kusintha mabogi oposa 400,000 a m'mayiko ambiri, amene ayenera kupitiriza kuyendera limodzi pa nthawi yosinthayo, ndi nkhani ya ndalama ndi ndale kuposa ya umisiri.

Phiri (Germiston)

Alongo a Nangozo akhudza mfundo yoona, yakuti chovuta si kupanga cholumikizira chabwino koma kusintha dziko lonse. Japan inakonzekera kwa zaka zingapo, inagawiratu zipangizo m'masiteshoni ndi kuphunzitsa antchito, ndipo pa 17 July 1925 inaimitsa sitima za katundu n'kusintha mabogi ambiri a pachilumba chachikulu tsiku limodzi. Soviet Union inatenga njira yaitali, kuyambira 1935 mpaka 1957, posamukira ku cholumikizira chake cha SA-3. Chimenechi chilibe nsagwada yozungulira, choncho sipafunika kuchitsegula chisanagundane ndi chinzake. Chimamasulidwa ndi ndodo ya pambali yokoka katcheni, ndipo loko akalowa mkati, kamchira kake kofiira kamatulukira kunsi kwa chigoba kuti wantchito aone ali patali kuti chamasuka. Chogwirira chake chingathenso kugonekedwa pa kashelefu kake kuti mabogi azikankhana popanda kugwirana.

Kuno ku South Africa njanji za ku Cape zinayamba mu 1873 kugwiritsa ntchito cholumikizira cha Johnston, chokhala ndi kamwa lotambasuka, mphete ndi pini, chimene chinali ndi ngozi zofanana ndi za ku America zija. Kusamukira ku nsagwada kunayamba mu 1927 ndipo kunatenga zaka makumi angapo. Pa nthawi imeneyo mitu ya sitima yambiri inali ndi nsagwada yong'ambidwa pakati ndi yobooledwa kuchokera pamwamba, kuti ilandire mphete ndi pini ya mabogi akale, ndipo nsagwada zotero mungazionebe pa mitu yakale yosungidwa m'malo oonetsera zakale.

Malo amene kumasula kumachitika kwambiri ndi m'mayadi okhala ndi kachitunda kochita kumanga, monga Sentrarand kuno ndi Bailey Yard ku Nebraska, ku America. Mpweya wa mabuleki umatulutsidwiratu m'mabogi onse, ndipo mutu umakankha mzere wonse pang'onopang'ono kukwera kachitundako. Popeza mabogi okankhidwa pokwera amakhala ofinyana, loko aliyense ndi womasuka, choncho munthu woyenda m'mbali amangotukula ndodo bogi lisanafike pansonga. Likangopendekera kutsidya limadzichotsa lokha pa linzake n'kutsetsereka, ndipo zitsulo zofinya mawilo zimene zili m'njanji zimachepetsa liwiro lake mpaka litalowa mumzere wa kumene likupita. Akachedwa kutukula ndodo, bogi n'kuyamba kukoka, loko amafinyika ndipo mzere wonse uyenera kuima.

Palinso sitima zimene anazikonza kuti zisamamasulidwe n'komwe. Panjanji ya makilomita 861 yochokera ku Sishen kupita ku Saldanha, kumene sitima za miyala ya chitsulo zimakoka mabogi oposa 300, ndiponso panjanji ya malasha ya ku Richards Bay, mabogi amakhuthulidwa pochita kuwatembenuza chadodolido m'chimakina cha padoko. Kuti zimenezi zitheke sitima ili yolumikizana, cholumikizira cha mbali imodzi chimazungulira patsinde pake, ndipo paipi ya mabuleki imaikidwa moti isapotokoke n'kuduka. Mabogi ambiri otere amamangidwa awiriawiri ndi mtanda wachitsulo wopanda nsagwada, umene umamasulidwa ku malo okonzera okha.

Agogo a Chisale (Limbe)

Mwana wanga Nangozo, za paipi ya mabuleki wanena zoona ndipo sindikutsutsa, koma cholumikizira chokhala ndi mawaya ndi timabowo ta mpweya chimafuna ukhondo ndi chisamaliro chimene bogi la malasha kapena la feteleza, logona miyezi pafumbi, silingachipeze msanga.

Mayi Nambewe, funso lanu lachiwiri latsala. N'zoona kuti potsetsereka mabogi amatsamirana ndipo loko safinyika, koma kusafinyika sikutanthauza kuti akwera, chifukwa kachitsulo kotchinga kaja kamakhala kali pamalo pake mpaka ndodo itatukulidwa. Sitima ikaduka panjira, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala china mwa izi. Nthawi zina ndodo imakoledwa ndi chinthu, monga nthambi, waya womangira katundu amene wamasuka, kapena dzanja la munthu wokwera mozemba amene waigwira ngati pogwirira, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chimene antchito a panjanji amakalipira ana okwera pakati pa mabogi. Nthawi zina loko sanagwe mpaka pansi pa nthawi yolumikiza chifukwa cha dzimbiri, mchenga kapena kutha kwa zitsulo, ndipo n'chifukwa chake wantchito wosamala amayang'ana ngati kachitsulo kotukulira kabwerera pamalo pake, kenako amauza woyendetsa kuti akoke pang'ono mabuleki a mabogi ali ogwira, kuti aone ngati zagwiranadi asanalumikize paipi.

Chifukwa china ndi kusiyana msinkhu. Cholumikizira wamba cha mtundu wa E, chimene chakhala chikugwiritsidwa ntchito kuyambira cha m'ma 1930, chimalola nsagwada kutsetsereka m'mwamba ndi pansi pa inzake, moti bogi lopanda kanthu likalumikizidwa ndi lodzaza kwambiri pamalo pamene njanji yatitimira, nsagwada imodzi ingathe kudumpha inzake zonse ziwiri zili zotseka. Pofuna kupewa zimenezi anapanga mtundu wa F wa katundu ndi wa H wa mabogi a anthu, imene zigoba zake zimalowana, ndipo ku America matanki onyamula zinthu zoopsa amalamulidwa kukhala ndi zolumikizira za mashelefu pamwamba ndi pansi, kuti pangozi cholumikizira chisadumphe n'kukaboola thanki ya bogi linzake.

Koma chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuthyoka kwa nsagwada yeniyeniyo, woyendetsa akakoka mwadzidzidzi timipata tonse tija tili totsekeka, moti kugwedeza kumayenda mumzere wonse kukukulirakulira. Nsagwada anaipanga dala kuti ikhale yofooka kuposa chigoba ndi msana wa bogi, popeza ndi yotsika mtengo ndipo ingasinthidwe pathengo. Imalemera makilogalamu oposa 30, ndipo sitima zazitali zimayenda ndi yapadera kumutu. Paipi ikaduka mabuleki amagwira mbali zonse, antchito amamanga mabuleki a pamanja pa mabogi otsala monga ananenera Bambo Mbewe, amasiyanitsa mbali ziwirizo mokwanira kuti munthu agwire ntchito pakati mosaopa, kenako amazula pini, amatukula ndodo kuti loko akwere, amachotsa chidutswa chothyokacho, amalowetsa nsagwada yatsopano n'kubwezera pini. Asanalumikizenso amaitseka ndi kuitsegula ndi ndodo kangapo kuti aone ngati loko akugwa bwino, ndipo akalumikiza paipi amayesanso mabuleki mpaka bogi lomaliza sitima isananyamuke.